Kashedi ka makasu kaja pano mukugona nkhuku

Kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Ngabu kuli kashedi ka njerwa, denga la malata anayi, momwe tinkasungiramo makasu, sipuleya ya thonje ndi njinga yakufa ija bambo a kunyumba amangoti ndikonza mawa, ndikonza mawa. Thonjelo tinasiya kulima ndiye kashedi kanangosanduka nyumba ya makoswe, ine nkuti ayi, ndiikamo nkhuku basi.

Kuyeretsa sikunavute, kungoti dothi la pansi ndinalipala lonse poti mankhwala a thonje ankatayikira pomwepo, ndipo nkhuku mukuidziwa, imatompha chilichonse.

Pomwe ndinalakwitsa ndi apa. Ine mantha anga anali akuba ndi ng'azi, ng'azi za kuno zikadziwa pomwe pali mazira sizisiya. Ndiye ndinatseka paliponse, kawindo kamodzi komwe kanalipo ndinakhomapo thabwa, mipata ya m'munsi mwa malata ndinamata ndi dothi, nkulowetsa misoti 8 ndi tambala mmodzi, ndati zikhale m'kati kaye zizolowere. Mu Okutobala zimenezo! Amene munakhalapo ku Chikwawa kapena Nsanje mukudziwa, kutentha kumapyola madigiri 40. Tsiku lachitatu masana ndikutsegula chitseko mpweya wotentha fuu kumaso, nkhuku zonse kukamwa yasa, mapiko gwede, misoti iwiri ili gone pakona. Nkhuku situluka thukuta ngati ife, imadziziziritsa ndi kupuma kwa wefuwefu komweko, ndiye mpweya ukapanda kuyenda kwake kwatha.

Apongozi anga aakazi anabwera sabata yomweyo kuchokera ku Bangula, anangosuzumira nkundiyang'ana. "Apongozi, limeneli ndi khola kapena uvuni wootchera njerwa?" Manyazi ake inu.

Tinagumula njerwa mizere itatu ya pamwamba mbali ziwiri zoyang'anana nkukhomapo waya wa timabowo ting'onoting'ono, mphepo izilowa uku nkutulukira uko. Pamwamba pa malata tinayala udzu wochindikala, izi ndiye zinasinthadi zinthu, ukagwira lata m'katimo silikuotchanso. Madzi ndimaika mumphika wadothi osati chigubu chapulasitiki, amakhala ozizirirako.

Pogona tinapanga kathandala ka mitengo kofika m'chiuno, osati chifukwa nkhuku zimakonda kugona pamwamba pokha ayi, tikukumbuka madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Dothi lathu la makande silimwa madzi msanga, mvula ya usiku umodzi pabwalo patha kukhala dambo. Zisa nazo zili pamwamba, madengu akutha aja. Pansi ndimathira phulusa chifukwa cha utitiri.

Katemera wa chitopa, uja wa I-2 wodonthezera m'diso, ndimapereka miyezi inayi iliyonse, kadontho kamodzi nkhuku iliyonse ngakhale anapiye. Ena amati tsabola ndi masamba a nimu zimakwana, ine ndinaonapo khola la neba likutha psiti sabata imodzi tsabolayo ali m'madzi momwemo, ndiye musandiuze.

Pano thadzi limodzi likukhalira mazira 10, lero tsiku la 15, kwatsala 6 kuti aswe. Njinga ija ili pakhonde, bambo akuti akonza mawa.