Magazi amene saonekera kumphuno

Lolemba m'mawa hatchi yaikazi yampikisano ya zaka 4 inabwera kothamanga ikutsokomola, ikumeza pafupipafupi. Kumphuno kunalibe ngakhale dontho la magazi, koma mnyamata woisamalira anandikoka pambali: "Adokotala, imeneyi siili bwino. Chakumapeto inangofookeratu." Ndinadikira mphindi 45, kenako ndinalowetsa endoscope, kapaipi kokhala ndi kamera, m'mphuno mpaka m'kholingo. Pa kanema panaoneka timizere tingapo ta magazi tikutsetsereka m'mbali. Pa muyezo wathu wa kuchuluka kwa magaziwo, wa 0 mpaka 4, ndinalemba 3.

Anthu ambiri amati hatchi yotaya magazi ndi imene yachita kamfuno. Zotero n'zochepa. Zambiri magazi amathera mkati, n'kumezedwa. Hatchi ikatsegula liwiro, mtima umagunda kopitirira ka 200 pa mphindi, kapamba amafinyira m'mitsempha magazi amene anasunga, ndipo mphamvu ya magazi m'mapapo imakwera katatu kapena kanayi. Khoma lolekanitsa mpweya ndi magazi n'lopyapyala zedi, choncho timitsempha timang'ambika, makamaka kumbuyo kwa mapapo, cha kumsana. Vutoli si ladzana: m'zaka za m'ma 1700, hatchi yotchedwa Bartlett's Childers, kholo la hatchi yotchuka yampikisano Eclipse, sinapikisaneko chifukwa cha kamfuno.

Lachitatu eni hatchi anafika ndi katoni. Munali ufa wa vitamini C wosakaniza ndi bioflavonoids (zinthu zochokera ku zomera), makapisozi a mankhwala azitsamba a ku China otchedwa Yunnan Baiyao, botolo la mafuta a omega-3, ndi kachitini kosalemba zimene zili mkati. "Jakisoni sindikumufuna, adokotala. Tiipatse zachilengedwe." Ndinawamvetsa. Jakisoniyo ndi furosemide, mankhwala amene timabaya pa vutoli. Amakodzetsa hatchi mpaka kupepuka makilogalamu angapo, ndiponso m'mayiko ngati Britain ndi Australia saloledwa tsiku la mpikisano. Bamboyo amaikonda hatchi yawo, ndipo polankhula ankangoisisita khosi.

Komabe sindikanawanamiza. Umboni wolimba umene tili nawo uli kwa furosemide yemweyo: kafukufuku wa ku South Africa wofalitsidwa mu 2009, pa mahatchi 167, anasonyeza kuti amachepetsa kutaya magazi, ngakhale sakuthetseratu. Mu 2015 bungwe la American College of Veterinary Internal Medicine linasanthula zolembedwa zonse, ndipo silinapeze umboni wogwirika woti ma bioflavonoids kapena zitsamba zimathandiza. Yunnan Baiyao anthu amamudziwa ngati woumitsa magazi pachilonda, koma magazi a hatchi zoterezi amaundana bwinobwino. Vuto ndi paipi yophulika chifukwa madzi achuluka mphamvu. Nanga vitamini C? Hatchi imadzipangira yokha m'chiwindi.

Mafuta a omega-3 ndinavomera kuti tiziipatsa, osati ngati oletsa magazi, koma poti amathandizako kutupa kwa njira za mpweya fumbi likachepetsedwa. Kachitini kaja ndinakana kwamtuwagalu. Chomera sichikhala chololedwa chifukwa choti n'chomera: valerian ndi devil's claw zimagwidwa poyeza mkodzo, caffeine naye amabisala m'zosakaniza zina, ndipo mlandu umagwera mphunzitsi wa hatchi, osati wogulitsa. Zimandiwawa kuona munthu wamtima wabwino akukhuthulira ndalama m'chitini chimene chingalanditse mphunzitsi wa hatchi yake laisensi.

Chimene chinandisowetsa mtendere chinachitika Lachinayi. Ndinalawirira kukhola 5 koloko, nthawi yokutumula udzu wouma ndi kusesa. Nditawalitsa tochi, fumbi linali koboo, hatchi ili momwemo, ikulipuma. Zenera lakumbuyo linali lokhomedwa ndi matabwa kuyambira nyengo yozizira. Ndakhala ndikudutsa pakhomo limenelo miyezi yambiri, maso ali pa miyendo ndi ziboda, osakweza mutu. Ndinachita manyazi. Fumbi palokha silimene limang'amba timitsempha, koma mapapo amene alowa magazi amatupa kale, ndiye kuwathira fumbi la nkhungu n'kuwonjezera mchere pabala. Akamabwerezabwereza kutaya magazi, malowo amachita zipsera n'kuuma, osabwereranso mwakale.

Tinazula matabwawo tsiku lomwelo. Udzu tsopano tikuunyika m'madzi tisanaupereke, ndipo tikuuika pansi kuti hatchi izidya itaweramitsa mutu, mamina azitsika okha. Posesa iziyamba yatuluka.

Lachisanu kunali kukokanakokana. Mphunzitsi anali atailembetsa kale mpikisano wa masiku 10 akubwerawa, ndipo ankati mwina tingoimata kansalu kotanulira mphuno. Ndinati kansaluko tidzakayesa ikadzabwerera, poti hatchi imapuma ndi mphuno basi ndipo kamapeputsako kukoka mpweya, koma pakadali pano ipume milungu ingapo, izingoyenda ndi kudumphadumpha pang'ono. Anakhala duu, kenako anafunsa eni ake pafoni. Ndinamva mawu a eni akewo ali chapansipansi: "Ichotseni pa mndandanda."

Loweruka ndinaipeza panja, mnyamata uja akuiyendetsa ndi chingwe, malaya ake atanyowa ndi madzi a udzu. Ndinaika stethoscope pachifuwa n'kumvetsera mbali zonse ziwiri. Sinatsokomole. Zimenezo sizikutsimikizira kanthu, chifukwa khutu silimva magazi ali mkati. Pabolodi la pakhomo pake ndinalemba tsiku limene idzathamangenso mwamphamvu koyamba, ndipo m'munsi mwake: endoscope, pakatha mphindi 45.