Sabata ya chiperoni pa garaja: nyali za m'kati mwa galimoto

Chiperoni chikagwira Thyolo ndi Mulanje, ntchito ya amisiri a magetsi a galimoto imachuluka. Kunja kumada msanga, chifunga chimatseka msewu wochokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe, ndipo chinyezi chimalowa paliponse pamene waya wakumana ndi chitsulo. Sabata ino pa garaja yathu pa Luchenza, galimoto zambiri zabwera ndi nkhani ya nyali za m'kati.

Lolemba kunafika Sienta ya takisi yomwe m'mawa uliwonse imachita kukankhidwa, chonsecho batire ndi latsopano. Zikatere timamasula waya wa negativi, n'kulumikiza mita yoyezera magetsi pakati pa wayawo ndi batire, itaikidwa pa 10A (A ndi ma ampu, muyeso wa moto umene ukuyenda m'waya). Zitseko zonse zitsekedwe, kiyi achotsedwe, ndipo mudikire mphindi zingapo kuti kompyuta ya galimoto igone. Galimoto yabwinobwino sipitirira 0.05A. Iyi imadya 0.4A, womwe ndi moto wa babu la 5W. Titazula fyuzi yolembedwa DOME, yomwe ndi ya nyali za m'kati, nambala ya pa mita inagwa. Koma nyali ya padenga inali yozima. Tinaika foni kumbuyo kwa katundu ikujambula kanema n'kutseka chitseko, ndipo kanemayo anaonetsa kanyali ka kumeneko kakuyaka osazima, chifukwa swichi ya pa loko inali itagwa mphwayi. Kababu kotere kamatapa pafupifupi 5Ah ya moto wosungidwa m'batire usiku umodzi, ndipo maulendo afupiafupi a takisi sabwezeretsa motowo.

Lachiwiri inali Probox yoyenda m'misewu yafumbi ya m'minda ya tiyi. Nyali imaphethira pa mabampu, chitseko chikatsegulidwa osayaka. Pa galimoto zambiri za ku Japan moto umakhala uli pa babu nthawi zonse. Chimene swichi ya pachitseko imachita ndi kupereka earth, kutanthauza kulumikiza babu ku chitsulo cha bodi kuti moto uzungulire. Kamphira kake kakang'ambika, fumbi ndi madzi zimalowa, sikuluwu yogwira ku bodi n'kuchita dzimbiri. Kuyesa n'kosavuta: ikani swichi ya padenga pa DOOR, gunditsani waya wa pachitseko ku chitsulo choyera. Nyali ikayaka, babu ndi fyuzi zilibe mlandu. Tinapala ndi sandipepala, n'kupaka girizi pang'ono, n'kuika kamphira kena.

Ntchito yaikulu inali ya Lachitatu ndi Lachinayi, pa Hiace yoyenda pakati pa Limbe ndi Muloza. Denga lonse linazunguliridwa ndi timagetsi ta LED ta buluu, kuyambira pamwamba pa dalaivala mpaka kumbuyo. Dalaivalayo anangoti, "Achimwene, usiku pagalasi ndikumaona nkhope za anthu, msewu osauona." Amanena zoona. M'kati mukawala kuposa kunja, galasi lakutsogolo limasanduka kalilole, ndipo mu chifunga cha pa Thyolo, woyenda pansi kapena wakabaza m'mbali mwa msewu mumamuona mutamufika kale. Okwera nawonso buluu sawathandiza: amalasa m'maso, mwana wogona pamiyendo amadzuka, ndipo kondakitala amavutika kusiyanitsa ndalama popereka chenji.

Titatsegula denga tinapeza zoopsa kuposa pamenepo. Waya anatengedwa pa batire mwachindunji, wopanda fyuzi, wolumikizidwa mongopota n'kukulunga tepi, ndipo pomwe amadutsa pa chitsulo chakuthwa anali atasupuka. Tsiku lina ukanakhala moto, anthu ali m'kati.

Tinachotsa zonse n'kuyamba pachiyambi. Moto tinautenga pa waya wa ACC, womwe umakhala ndi moto pokhapokha kiyi akapotokoledwa, kuti kiyi akachoka nyali zizizima zokha, ndipo fyuzi ya 3A tinaiika pafupi ndi potengera motowo, osati kumapeto, chifukwa fyuzi imateteza waya amene ali patsogolo pake pokha. Tinaika mzere wotalika mamita awiri wa LED ya mtundu wa 3528, yoyera mofiirira pang'ono ngati babu lakale, yomwe imadya pafupifupi 0.4A pa mita imodzi. Mtundu wa 5050 umadya katatu kuposa apa ndipo m'minibasi umawala mopitirira. Mzerewo unayambira kuseri kwa mpando wa dalaivala, ndipo kutsogolo kwake tinamata kachitsulo kopinda kotchinga kuwala kuti kuzigwera pansi ndi kumbuyo. Pa dashibodi tinaikapo dimmer ya PWM yopotokola, kachipangizo kochepetsera kapena kuwonjezera kuwala, kuti pa siteji aziwalitsa, pamsewu azichepetsa. Pa chitseko chokoka tinaika kanyali kakekake koyang'ana pa chopondera, koyaka chitseko chikatseguka, kuti agogo otsika ndi dengu aone poponda. Polumikiza ponse tinawotcherera ndi mtovu, ndipo podutsa pa chitsulo waya anavekedwa mphira.

Ntchito ngati iyi siyesedwa masana. Tinadikira kuti kude, mmodzi n'kukhala pa mpando wa dalaivala, nyali zakutsogolo zitayatsidwa, wina akupotokola dimmer mpaka chithunzi cha mipando chitachoka pagalasi. Pamenepo tinaika kadontho ka penti yoyera.

Lachisanu zinali zing'onozing'ono. Mwini Vitz anagula babu la LED, ataika osayaka, n'kuganiza kuti amugulitsa lakufa. LED zambiri zili ndi mbali ya positivi ndi negativi, mukalitembenuza limayaka. Pogula muziyeza kutalika kwa babu lakale, chifukwa la 31mm ndi la 36mm salowa malo amodzi, ndipo kukanikiza kumapinda timano togwira. Wina anabwera akuti dashibodi yada, koma kunali kagudumu kochepetsera kuwala komwe kanapotokoledwa popukuta. Pa Fuso ina tinapeza LED za 12V zitapsa zonse, poti loleyo ndi ya 24V.

Loweruka kunabwera Passo yomwe kagalasi ka nyali ya padenga kanasungunuka pakati. Munali babu lamphamvu kuposa loyenera, pamene malowo anapangidwira la 8W kapena 10W, ndipo fyuzi ya DOME inali itakulungidwa ndi kawaya ka kopa. Tinabwezeretsa fyuzi ya nambala yolembedwa pa chivundikiro cha bokosi, n'kudula waya wopsererawo mpaka pomwe kopa anali wowala. Kagalasiko mwini wake akakasaka ku Limbe Lolemba.