Ma core 256, liwiro la birimankhwe

Lolemba tinalandira pulogalamu yolembedwa m'chilankhulo cha makompyuta cha Fortran, yowerengera kayendedwe ka madzi, yogwiritsa ntchito MPI, njira imene zigawo za pulogalamu zoyenda nthawi imodzi zimatumizirana mauthenga. Eni ake amadandaula kuti akachulukitsa ma core (timitu ta purosesa togwira ntchito yowerengera) kuchoka pa 64 kufika pa 256, nthawi sikutsika kwenikweni. Tisanasinthe kalikonse, tinayamba tayeza ndi perf, chida choonetsa pomwe pulogalamu ikuthera nthawi, n'kuikanso MPI_Wtime, yoyezera nthawi, kumayambiriro ndi kumapeto kwa gawo lililonse.

Pofika Lachiwiri vuto lalikulu linaonekera poyera. Mu MPI chigawo chilichonse cha pulogalamu chimatchedwa rank ndipo chili ndi nambala yake; rank 0 ndi amene amasonkhanitsa zotsatira zonse n'kulemba fayilo yekha, anzake 255 atangopinda manja. Gene Amdahl ananeneratu zimenezi mu 1967: ngati magawo 5 pa 100 a ntchito akugwiridwa ndi core imodzi, liwiro silingachuluke kuposa ka 20, ngakhale ma core atakhala miyandamiyanda. Pa 256 limathera pa 18.6. Tinasintha kuti onse azilembera pamodzi kudzera mu MPI-IO, mbali ya MPI yolembera mafayilo.

Lachitatu inali ntchito ya ma loop, malamulo amene pulogalamu imabwereza kambirimbiri. Pa tebulo la manambala lotchedwa a, Fortran imasunga a(i,j) moyandikana ndi a(i+1,j), koma loop yamkati imayenda pa j. Purosesa imatenga ma byte 64 nthawi imodzi, omwe ndi manambala 8 a double precision, ndiye imagwiritsa ntchito imodzi n'kutaya 7. Kungotembenuza ma loop awiriwo kunakwanira.

Chomwe chinatidyera nthawi ndi kagawidwe ka grid (tebulo la timabokosi toimira dera la madziwo), Lachinayi lonse mpaka madzulo. Grid ya 4096 kwa 4096 anaidula mizeremizere, rank aliyense mizere 16, zomwe zimachititsa kuti azitumiza manambala 8,192 a m'malire pa sitepe iliyonse. Titaidula m'mabwalo a 256 kwa 256, anatsika kufika pa 1,024. Kenako tinaika MPI_Irecv (yolandirira uthenga) patsogolo, MPI_Isend (yotumizira) pambuyo, kuti rank aziwerengera mkati mwa bwalo lake uthenga uli m'njira. Apa m'pofunika kusamala: mukalemba mu buffer (malo osungira uthengawo) MPI_Waitall, yodikira kuti mauthenga onse athe kuyenda, isanabwerere, pulogalamu siima ayi, imangotulutsa manambala olakwika mwakachetechete. Bola ikanamagwa, munthu n'kudziwa.

Lachisanu eni pulogalamu anadzidzimuka kuona kuti zotsatira zasiyana ndi zakale pa manambala akumapeto kwenikweni. Si kuti china chinawonongeka. Pa manambala a floating point, omwe kompyuta imasunga mongoyandikiza, (a+b)+c sifanana ndendende nthawi zonse ndi a+(b+c), ndipo kagawidwe kakasintha, MPI_Allreduce, yophatikiza manambala a ma rank onse, imaphatikiza mwa dongosolo lina. Tinagwirizana mlingo wa kusiyana kovomerezeka, n'kuponya mayeso a ma core 512 pa mzere wa Slurm, pulogalamu yogawa ntchito ku makompyuta, odzawaona Lolemba.