Kudzutsa boti lomwe linagona zaka zambiri

Kukoleji timaphunzira kwambiri za injini zotha ndi ntchito: mapisitoni odyeka, mabering'i olira, kilatchi yopereseka. Za makina oonongeka chifukwa chongokhala sitinakhudzepo kwenikweni. Phunziro limeneli ndalipeza pa atachimenti, pa galaja ina ku Chirimba kuno ku Blantyre, atatibweretsera boti la mtundu wa jet (loyenda ndi pampu yokankha madzi) lomwe linakhala zaka zambiri pa thirela kuseri kwa nyumba, litafundidwa lona. Mwini wake ankapita nalo kunyanja ku Mangochi kalekale, ndipo ana ake akufuna liyendenso.

Tsiku lomwe linafika, mnzanga wina anali atanyamula kale batire. Makaniko wamkulu anamuimitsa. "Mwana wanga, kiyi ndi womaliza. Tatsegula thanki kaye, unditchulire fungo lomwe ukumva." Fungo lake silinali la petulo ayi. Linali lowawasa, lofanana ndi vanishi wa mipando.

Petulo akakhalitsa, mbali yake yopepuka, yomwe imagwira moto msanga, imauluka. Chotsala chimasanduka phula lomata lomwe limatseka timabowo ting'onoting'ono ta m'kabuleta. Kuno kwathu pali vuto lina loonjezera. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga mu 1982, ndipo ina ili ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyontho cha mumpweya. M'galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku zimenezi sizivuta chifukwa mafuta sakhalitsa, koma m'thanki yosiyidwa madziwo amachuluka mpaka kulekana ndi petulo n'kukhazikika pansi, pomwe paipi imayamwira. Tinakhuthula thanki yonse, kuitsuka, kusintha sefa ndi mapaipi onse a labala omwe anali atauma n'kung'aluka. Kabuleta tinaimasula chidutswa ndi chidutswa. Ntchito imeneyi ndi yodekha, ndipo ndinaikonda kuposa momwe ndinkaganizira.

Injini yake ndi V8 (ya masilinda asanu ndi atatu) ya petulo, yosasiyana kwambiri ndi ya galimoto. Tinachotsa mapulagi, kuthira oyilo pang'ono m'silinda iliyonse, n'kuisiya kuti alowerere. Kenako tinaizunguza ndi sipanala, pamanja, pang'onopang'ono. Chifukwa chake n'chakuti injini ikakhalitsa oyilo yense amatsikira pansi, makoma a masilinda amachita dzimbiri ndipo maring'i amatha kumata. Sitata sadziwa zimenezo. Amangokankha ndi mphamvu, ring'i n'kuthyoka. Dzanja limamva pomwe pakulimba ndipo limaima. Itazungulira bwino tinayeza compression, mphamvu yomwe silinda iliyonse imapanikizira mpweya. Masilinda sanasiyane kwambiri, ndipo oyilo wakale sanali wooneka ngati mkaka, momwe amaonekera akasakanikira ndi madzi. Pamenepa mitima inakhala pansi. Mawaya ena anali atadyedwa ndi makoswe, koma zimenezo ndi za masiku onse pa galaja.

Gawo lomwe landitsegula mutu ndi la kumbuyo kwa injini. Boti ili lilibe propela yolendewera pansi. Lili ndi pampu. Pansi pa boti pali bowo lotchingidwa ndi tizitsulo. Madzi amayamwidwa polowera pamenepo, impeller (chitsulo chozungulira cha mapiko chomwe chili mkati mwa pampu) imawakankha, amadutsa pa zipsepse zosayenda zomwe zimawawongola kuti asamazungulire, kenako amatuluka mwamphamvu pa kamwa yopapatiza kumbuyo. Madzi akamathamangira kumbuyo, boti limapita kutsogolo. Kukhota kumachitika popotoza kamwa ija. Giya yobwerera m'mbuyo palibe: pali chitsulo chonga chidebe chomwe chimatsika n'kutembenuzira madzi kutsogolo. Ndiye kuti ukachotsa phazi pa mafuta, chiwongolero nachonso chimafooka, chifukwa madzi okhotetsa boti achepa. Munthu wozolowera galimoto ayenera kuphunzira zimenezi asanakumane ndi mwala kapena mvuu.

Nditawerenga mbiri yake ndinamvetsa chifukwa chomwe anapangira chonchi. Bill Hamilton wa ku New Zealand ankafuna kukwera mitsinje yothamanga koma yosaya ya kwawoko, momwe propela imangogunda miyala. M'zaka za m'ma 1950 anakonza pampu imeneyi, ndipo chomwe chinasintha zinthu ndi pomwe anakweza kamwa yotulutsira madzi kuti ikhale pamwamba pa madzi, kumbuyo kwa boti, pansi pakhale posalala. Mu 1960 maboti a mtundu umenewu anakwera mtsinje wa Colorado molimbana ndi madzi, kudutsa mu Grand Canyon.

Pakati pa nsonga za impeller ndi mkombero woizungulira, womwe amautcha wear ring, pamayenera kukhala mpata wosakwana milimita imodzi. Makaniko wamkulu anandipatsa feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera timipata, kuti ndiyeze ndekha. Ndinamufunsa kuti, "Bambo, kampata kochepa chonchi kangalepheretse boti lonseli kuyenda?" Anangondiuza kuti ndiganize komwe madzi othinikizidwa angakonde kupita. Yankho lake n'lakuti amabwerera. Mpata ukakula, madzi omwe impeller yawakankha amathawira m'mbali n'kubwerera kolowera, injini imalira mokweza, mafuta amatha, koma boti limangokwawa. N'chimodzimodzi kutunga madzi ndi ndowa yobooka. Pa boti lathuli mkombero unali utadyeka, ndipo nsonga za impeller zinali ndi timaenje, zizindikiro za cavitation: mphamvu yoyamwa ikachuluka, m'madzi mumapangika tithovu tomwe timaphulika pa chitsulo n'kumachikumba pang'onopang'ono. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja nawonso unachita mbali yake. Mabering'i a shafiti anali ndi girizi youma ndipo ma seal, timalabala totchinga kuti pasadonthe, anali atalimba. Zonsezi munthu sangazimve pomvetsera kulira kwa injini, ndipo ine ndinazolowera kuweruza makina ndi khutu.

Pali zinthu ziwiri zomwe ndikufuna anzanga omwe tikuphunzira umakaniko azidziwe, chifukwa zikukhudza moyo. M'galimoto, mpweya wa petulo ukatuluka umagwera pansi n'kuuluzika ndi mphepo. M'boti ulibe kopita. Ndi wolemera kuposa mpweya wamba, choncho umakhazikika pansi pa injini. Kamoto kamodzi n'kokwanira. N'chifukwa chake sitata ndi alternator za m'boti zimakhala zotchingidwa kuti moto usatuluke, ndipo si bwino kuikamo za galimoto ngakhale zikukwana bwinobwino pa mabawuti. Ku Ndirande kapena ku Limbe ungapeze sitata ya V8 yotsika mtengo, ndipo chiyeso chake n'chachikulu, koma ine ndikuona kuti ndalama yopulumutsidwayo siyenerana ndi ngozi yake. Palinso chokupiza mphepo (fani) chotulutsa mpweyawo chomwe chimayenera kuyenda mphindi zinayi injini isanalizidwe. Chathu chinali chakufa. Tinachikonza tisanakhudze kiyi.

Chachiwiri ndi madzi oziziritsa. Boti ili lilibe rediyeta. Pampu yomwe imaliyendetsa ndi yomwenso imatumiza madzi ku injini. Pamtunda, pa thirela, madziwo kulibe, ndiye injini siyenera kulira nthawi yaitali popanda kulumikiza paipi ya pampopi, ndipo paipiyo sumaisiya ikuthira injini itazima, kuopa kuti madzi angabwerere kudzera ku ekizozi n'kulowa m'masilinda.

Titafika pa kiyi, injini inatsokomola, kutulutsa utsi wa oyilo tinathira uja, kenako n'kukhazikika. Tinasangalala, koma tonse tikudziwa kuti mayeso enieni sanachitike. Blantyre alibe madzi oyesera boti, choncho tikudikira wear ring yatsopano, kenako tidzalikokera ku Liwonde kudzera ku Zomba.

Shire ali ndi mayeso akeake. Namasupuni, yemwe amavutitsa pa baraji ya ku Liwonde ndi pa malo opangira magetsi a Nkula, ndi mdani wa boti lotere: amamatirira pa tizitsulo tolowera madzi, pampu n'kuyamba kupuma mpweya, injini n'kutentha. Komabe sindileka kuganiza za Chikwawa ndi Nsanje. Pa nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023 anthu ambiri anazingidwa ndi madzi, ndipo madzi osefukira amakhala osaya malo ena, odzaza zitsa ndi mipanda yobisika, momwe propela siichedwa kuthyoka. Boti lopanda kanthu kolendewera pansi lingathandize m'malo otere, ngati alipo anthu odziwa kulisamala ndi kuchotsa zinyalala pa pampu. Ndikufuna ndidzakhale mmodzi wa anthu amenewo.

Ku Liwonde ntchito yanga ndapatsidwa kale. Tisanalitsitse m'madzi ndidzaonetsetsa kuti chotsekera bowo lotayira madzi kumbuyo chamangidwa. Likadali pa thirela, kumbuyo kwake kuli m'madzi, ndidzasuzumira pansi pa injini kuona ngati ma seal atsopano akudontha. Tikanyamuka, maso anga adzakhala pa geji ya kutentha ndi ya kuzungulira kwa injini. Kuzungulirako kukakwera koma liwiro osakwera, tidzabwerera kumtunda n'kumasulanso pampu.