Thumba la mkodzo ndi zimene linandiuza sabata yathayi

Sabata yathayi ndinali ku wodi ya abambo masana, usiku n'kumagona foni ili kumutu chifukwa wodzutsidwa ndinali ine. Ndine kiliniko ofesala pa chipatala cha boma m'boma lina la m'mphepete mwa nyanja. Kuno Okutobala akafika dzuwa limaswa mtengo, anthu amatuluka thukuta tsiku lonse koma madzi akumwa pang'ono, ana amaswera m'nyanja, ndipo mzere wa odandaula za mkodzo umatalika. Anzanga amandiseka kuti ndimayamba kusuzumira thumba la mkodzo, lija timalumikiza ku paipi yotulutsira mkodzo, ndisanamupatse moni wodwala. Sanama kwenikweni. Pamalo pomwe labu imayenda mwa apo ndi apo, thumba limenelo limandiuza zambiri kuposa kabuku ka kuchipatala.

Lolemba kusanache a nesi anandiimbira kuti kwabwera agogo ena pa kabaza, mwana wawo atawagwirira kumbuyo. Ndinawapeza atapindika pa benchi, thukuta lili kamukamu, kukhala akulephera, kuima akulephera.

"Agogo, madzi mwataya liti komaliza?"

"Dzulo m'mawa, mwanangu. Timadontho chabe. Kuchokera apo ayi ndithu."

Nditawagoneka, chotupa cholimba chinkaonekeratu kuyambira pachinena mpaka pamchombo. Chinali chikhodzodzo. Mwa munthu wamkulu chimasunga mkodzo pafupifupi theka la lita, ndipo chikakhala chopanda kanthu sungachigwire n'komwe, chimabisala kuseri kwa fupa la pachinena. Tinatsuka, tinapaka mankhwala oterera, n'kuyamba kulowetsa paipi ya saizi 16. Mwa abambo paipi imayenda masentimita pafupifupi 20, ndipo chakumapeto imadutsa pakati pa prostate, kachiwalo kokhala pansi penipeni pa chikhodzodzo kamene kamazinga njira ya mkodzo. Apo m'pamene inakakamira. Sukankha ndi mphamvu, ungang'ambe njira. Umauza wodwala kuti apume mozama, iwe dzanja lili chigwirire, mpaka mnofu ulekerere. Inalowa. Tinapopa kabaluni kake ndi madzi okwana 10 ml kuti isavuke, ndipo thumba linadutsa lita tisanavule n'komwe magolovesi. Agogo aja anausa moyo, nati "Ambuye akudalitseni," tulo n'kuwatenga pomwepo.

Mwana wawo anali atayamba kale kufunsa za kabaza wobwerera.

"Achimwene, bambowa lero sapita."

"Koma si achira, adokotala?"

Ndinamufunsa kuti vutoli linayamba liti. Atazengereza anaulula kuti papita zaka bambo ake akudzuka kambirimbiri usiku, akaima panja amachedwa, mkodzo umangogwera kumapazi. Anamwapo za asing'anga, kuchipatala ankakana ati zochititsa manyazi. Ndinamujambulira papepala. Impso zili ziwiri kumsana, pansi pa nthiti zomalizira, yakumanja yotsikirapo pang'ono chifukwa pamwamba pake pali chiwindi. Iliyonse ndi yotalika masentimita ngati 11 ndipo ili ndi tisefa pafupifupi miliyoni imodzi. Pa tsiku zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, n'kubweza pafupifupi onse m'thupi, kutsala lita ndi theka basi. Amenewo amatsika m'timapaipi tiwiri ta masentimita 25 mpaka 30, ma ureter, kukathira m'chikhodzodzo. Iye amalima mpunga ku sikimu, choncho ndinangomufunsa: ngalande ikatsekeka kumunsi, madzi amapita kuti? Anayankha yekha kuti amabwerera kumtunda n'kumiza munda. Masana sikani inaonetsa zomwezo, impso zonse ziwiri zitafufuma ndi mkodzo wobwerera.

Chimene chimandivuta ndi impso n'chakuti sizilira msanga. Chikhodzodzo chimakuwa, munthu amathamanga usiku pa kabaza. Impso zimatha kuwonongeka mpaka theka munthu akulima bwinobwino, ndipo ngakhale creatinine, amene timayeza m'magazi pofuna kudziwa mmene zikusefera, amachedwa kukwera. Lolembalo sitinathe n'komwe kumuyeza, mankhwala a makina a ku labu anali atatha. Tinabwerera ku zakale: a nesi kulemba papepala la kumiyendo kwa bedi kuchuluka kwa mkodzo maola angapo alionse. Munthu amene watsekeka nthawi yaitali akatsegulidwa, impso nthawi zina zimataya madzi mopitirira, malita ndi malita, mpaka kumuumitsa. Agogowa anachita zomwezo usiku woyamba, tinawaika dripu. Lachinayi labu itadzuka, creatinine anali wokwererapo koma osati moopsa, ndipo anatuluka ndi paipi yawo, kalata yopita kwa madokotala a opaleshoni, ndi malangizo atatu: thumba lizikhala m'munsi mwa chiuno, madzi azimwa okwanira, tsiku losinthitsa paipi asalumphe. Funso lawo lomaliza linali loti kodi kutchalitchi angapite nalo thumbalo. Ndinati alimangirire kuntchafu mkati mwa buluku, palibe adzadziwe.

Lachiwiri linapita ndi amayi a ku OPD. Kuwotcha pokodza, kupitapita kuchimbudzi, kupweteka pachinena. Ndinali ndi wophunzira wa ku koleji, ndipo nditamufunsa chifukwa chake mzerewu umakhala wa amayi okhaokha, anayankha bwino: njira yawo ndi ya masentimita 4 okha ndipo yayandikana ndi kotulukira chimbudzi, tizilombo sitivutika kukwera. Chimene sanachigwire n'kusiyanitsa wongofunika mapiritsi ndi wofunika bedi. Mayi wina woyembekezera anali ndi malungo a m'thupi, akunjenjemera, ndipo nditagogoda kumsana pansi pa nthiti anadumpha. Malungo enieni sanapezeke. Matenda anali atakwera kufika ku impso, ndipo mwa mayi wapakati zotere zimatha kuyambitsa matenda a kubereka nthawi isanakwane. Ameneyo anagona.

Tsiku limene landikhala pamtima ndi Lachitatu. Bambo wina, msodzi, anabwera ndi mnyamata wa sitandade 5 chifukwa cha kufooka ndi kugona m'kalasi. Zikope zake mkati zinali mbuu. Ndinafunsa mwanayo ngati amaona magazi pokodza. Anayang'ana pansi. Bambo ake ndi amene anaseka.

"Adokotala, amenewo asakudetseni nkhawa. Tonsefe tinakodzapo magazi paubwana. Ndiko kukula kwake kwa mwana wa kunyanja."

Mawu amenewa ndawamva kuchokera kwa aphunzitsi, mafumu, ngakhale anzathu ena ovala yunifolomu. Ndinatuma mwanayo kukatunga mkodzo nthawi ya masana, chifukwa mazira a likodzo amatuluka ambiri pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, ndipo ndinamuuza kuti atunge mpaka madontho omalizira, pakuti magazi a likodzo amabwera kumapeto, chikhodzodzo chikamadzifinya. Mkulu wa ku labu atapungulira mkodzowo ndi kudontheza zotsalira pagalasi, ndinaitana bambo aja kuti aike diso pa maikulosikopu. Anayamba atseka diso lolakwika, kenaka anangoti zii. Mazira anali mbwee, obulungira motalika, lililonse ndi kaminga kumapeto kwake.

"Zimenezi zatuluka mwa mwana wangayu?"

Ndinawafotokozera pang'onopang'ono. Wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa, tizilombo timalowa mu nkhono zing'onozing'ono zokhala m'mabango ndi m'madzi odekha. Pakapita milungu ingapo timatulukamo tambirimbiri, tosaoneka ndi maso, n'kuboola khungu la aliyense amene akusamba, kuchapa kapena kukoka khoka. Sukuchita kumwa madziwo ayi, kungoviika mwendo n'kokwanira. M'thupi timakula kukhala nyongolotsi zokhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo zimaikira mazira kwa zaka. Mazira ena amaboola khoma la chikhodzodzo n'kutuluka, ndiwo magazi aja. Ena amatsakamira m'khomamo, ndipo amenewo ndiwo oipa kwambiri: amasiya zipsera, chikhodzodzo chimauma, pakamwa pa ma ureter pamapanikizika, mkodzo uyamba kubwerera ku impso. Nyongolotsi imeneyi, Schistosoma haematobium, anaitulukira Theodor Bilharz ku Cairo mu 1851, ndipo mankhwala ake, praziquantel, ndi akumwa kamodzi, 40 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Alangizi a zaumoyo amawagawa ulere m'masukulu, mwana kungoima pa ndodo yoyezera kutalika n'kulandira mapiritsi ake. Mnyamatayu tsiku limenelo anathawa, ati anzake anamuuza kuti amazunguza mutu. N'zoona amazunguza, makamaka ukamwa ndi njala. Tinamugulira mandasi ndi tiyi, anamwa ndikuona. Bambo akenso ndinawapatsa awo. Ndinawauza mosabisa kuti mwanayo akabwerera m'madzi omwewo adzatenganso, choncho chaka chamawa asadzathawe mzere.

Ndikanakonda bambo aja akanatsala mpaka madzulo. Anabwera msodzi wina, wa zaka za m'ma 40, wowonda, akukodza magazi oundana kwa miyezi. Sikani inaonetsa chotupa chodzaza mbali yaikulu ya chikhodzodzo, impso imodzi itafufuma. Ku Ulaya khansa ya chikhodzodzo imakonda okalamba osuta fodya. Kumadera a likodzo timaona mtundu wina, squamous cell, womwe umagwira anthu adakali ndi mphamvu zopalasa bwato, ndipo kawirikawiri amafika mochedwa chifukwa magazi a mumkodzo anawazolowera kuyambira ali ana. Ndinamulembera kalata ya ku chipatala chachikulu. Mkazi wake anandifunsa ngati mapiritsi a likodzo angathandize. Ndinati amwa ndithu, koma chotupacho sichisungunuka ndi mapiritsi.

Lachisanu m'mawa a nesi a ku matenite anandikokera pambali. Kumapeto kwa benchi kunakhala mtsikana yekhayekha, atakulunga zitenje zingapo, anthu atamusiyira malo aakulu mbali zonse. Fungo linkanena lokha. Anabereka chaka chatha atavutika masiku awiri kumudzi, mwana anatuluka wakufa, ndipo patapita masiku ochepa mkodzo unayamba kungotsika wokha usana ndi usiku. Mutu wa mwana ukakhala nthawi yaitali utapanikiza chikhodzodzo ku fupa, mnofu wa pamenepo umafa n'kusiya bowo lotulukira ku njira yoberekera. Tinathira madzi a mtundu wa buluu m'chikhodzodzo kudzera pa paipi, ndipo thonje lomwe tinaika kunjira inayo linasanduka buluu nthawi yomweyo. Fistula. Akanabwera sabata zoyambirira, bowo laling'ono nthawi zina limatsekeka lokha ndi paipi yongokhala milungu ingapo. Pano m'pofunika opaleshoni, ndipo ku Bwaila ku Lilongwe kuli malo ochitira zimenezi. Nditanena kuti zimasokeka, amene analira ndi amayi ake. Mwini wake anangofunsa kuti, "Ndiye kuti si ine ndekha?" Mwamuna anamusiya kalekale, ndipo iye anali atachepetsa kumwa madzi kuti asamanyowe, zomwe zimangochititsa mkodzo kukhala wamphamvu, fungo n'kukula, khungu n'kusupuka.

Zotsatira zina zimene labu inatulutsa itadzuka zinali za bambo wa pa bedi la pakona, mphunzitsi wopuma. BP ndi shuga wakhala nazo zaka zambiri, mankhwala akumwa akakumbuka, ndipo msana ukawawa amagula brufen pa grosale n'kumameza tsiku ndi tsiku. Anabwera nkhope ndi miyendo zitatupa, akusanza, thupi likuyabwa, magazi ochepa, pakuti impso ndizonso zimatumiza uthenga ku mafupa kuti apange magazi. M'thumba mwake tsiku lonse munkagwa timkodzo tosadzaza kapu. Pa sikani impso zinali zazing'ono, zofota. Apa palibe paipi yoti ungatsegule nayo. Chatsala ndi dialysis, makina osefa magazi, omwe ali ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Munthu amakhala pa makinawo maola anayi, kawiri kapena katatu pa sabata, moyo wake wonse pokhapokha ataikidwa impso ina, ndipo zoika impso Amalawi ambiri amakachitira ku India. Makina ndi ochepa, ofuna ndi ambiri.

Ndinakhala pansi ndi akazi awo ndi mwana wawo wamkazi kuseri kwa wodi, pamthunzi pomwe magadiyani amaphikira. Ndinawauza zonse, ndi zoti akavomera ndiye kuti banja lipeze pokhala mumzinda. Mayiwo anamvetsera manja ali pachibwano.

"Tamva, adokotala. Koma ife patokha sitingamange mfundo. Tidikire alongo awo ndi amalume a anawa, afika mawa."

Anafika Loweruka masana, anakambirana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anagwirizana zoyesa ku Lilongwe, komwe kuli mdzukulu wina ku Area 25. Ambulansi ilipo imodzi ndipo mafuta ake ndi a ulendo umodzi, choncho ndinalemba onse atatu pa pepala limodzi, mphunzitsi, msodzi ndi mtsikana uja, kuti anyamuke Lolemba m'mawa. Mphunzitsiyo ndinamuimitsa brufen ndi metformin, mankhwala ake a shuga aja, ndipo mnzanga wolandira wodi ndinamuuza kuti asamuike dripu ina iliyonse asanayang'ane m'thumba.