Funso lomwe zitsekerero zanga zinalephera kuyankha

Teremu yapitayi aphunzitsi athu a zaluso anatipatsa ntchito yomwe poyamba tinaiseka. Aliyense apange chinthu choti n'kupachika pakhoma, koma asakhudze penti, pensulo, makala kapena dongo. Zopangirazo tikadzitolere tokha kulikonse. Ine ndinangoti apa zaphweka. Si tinakula tikupinda magalimoto a mawaya ndi kumanga mpira wachikulunga ndi majumbo? Kumsika kwathu kuli abambo ena amasandutsa chitini kukhala koloboyi munthu ukuyang'ana. Ndinaona ngati zimenezi ndinabadwa nazo.

Tsiku lomwelo aphunzitsiwo anationetsa pa kompyuta zithunzi za ntchito za katswiri wa zaluso wotchedwa El Anatsui. Ndinaganiza kuti ndi nsalu yaikulu yagolide yomwe yayanikidwa pakhoma, ili ndi makwinya ake ngati chitenje chongochotsa kumene pachingwe. Atakuza chithunzicho m'pamene ndinaona kuti ndi zitsekerero za mabotolo a mowa, zambirimbiri, chilichonse chophwatalitsidwa, chobooledwa, n'kulumikizidwa ndi chinzake ndi kawaya ka mkuwa.

Bamboyu anabadwa mu 1944 ku Anyako m'dziko la Ghana, anaphunzira zaluso ku Kumasi, ndipo mu 1975 anapita kukaphunzitsa pa yunivesite ya Nigeria ku Nsukka. Zitsekererozo zinabwera mochedwa pa moyo wake. Anayamba ndi mbale zamtengo zomwe amayi amaikapo malonda kumsika, n'kumazilemba zizindikiro ndi chitsulo chamoto. Anaumbako mbiya zooneka ngati zosweka n'kulumikizidwanso. Anasemako matabwa ndi sowo ya injini. Anagwiritsapo ntchito malata oboolaboola omwe anthu amaperera chinangwa, komanso zivindikiro za zitini za mkaka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi pomwe anapeza thumba la zitsekerero zotayidwa, ndipo sanathamangire kuzigwiritsa ntchito. Linakhala kaye pamalo ake ogwirira ntchito mpaka ataona choti achite nalo. Ine gawo limeneli ndinangolidumpha powerenga, poti maso anga anali pa kunyezimirako.

Loweruka ndinatenga jumbo n'kuyamba kuzungulira m'magolosale ndi m'mabala a patauni yathu. Mayi wina wogulitsa zakumwa anandifunsa ngati ndikufuna zosewerera dirafuti. Mnyamata wina anandiyang'ana mwachisoni, mwina anaganiza kuti mutu wayamba kusokonekera. Pofika madzulo jumbo inali itadzaza.

Phunziro loyamba linabwera ndi magazi pachala. Zitsekerero zomwe ndinatola zambiri zinali za mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi, zija zamanomano m'mbali. Zimenezo ndi zachitsulo. Kuti uziphwatalitse umafunika hamala ndi mwala wosalala, kuboola kwake msomali umapindika, ndipo zikangonyowa pang'ono zimachita dzimbiri. Ukalumikiza makumi angapo chinthucho chimalemera n'kuuma gwa, sichigwa ngati nsalu. Zomwe Anatsui amagwiritsa ntchito ndi zija zopotokola za mabotolo a mowa waukali, za aluminiyamu, zofewa moti umazidula ndi sizasi n'kuzipinda ndi zala. Amatenga mutu wake, amatenganso kalamba kozungulira khosi la botolo kaja, ndipo chilichonse chili ndi mapindidwe ake: china chimakhala chamakona anayi, china ngati mphete, china chopotedwa. Mbali ina ili ndi utoto ndi dzina la mowa, mbali ina ndi yoyera mbuu ngati siliva, ndiye kungotembenuza kokha wasintha mtundu. Komanso sagwira yekha. Ku Nsukka ali ndi anthu ambiri omwe amalumikiza tizigawo ting'onoting'ono, kenako tizigawoto timayalidwa pansi, iye n'kumatisuntha uku ndi uku mpaka maso ake atakhutira. Ine ndekha, masabata atatu, ndinangokwanitsa kachidutswa kosaposa thaulo lakumaso.

Koma chomwe chinandipweteka kwenikweni si chala. Tsiku loonetsa ntchito, aphunzitsi anaima patsogolo pa kachidutswa kanga, anakagwira, anakatembenuza, n'kundifunsa kuti, "Chifukwa chiyani mwasankha zitsekerero?"

Ndinayankha za kusamala chilengedwe, kuti zinyalala zisamangotayidwa. Anagwedeza mutu n'kundiuza kuti ngati nkhani ndi imeneyo bwenzi nditangokumba dzala. Anzanga anaseka. Ine ndinakwiya tsiku lonse, koma yankho loona linali lakuti ndinasankha zitsekerero chifukwa Anatsui anasankha zitsekerero.

Usiku umenewo ndinabwerera kukawerenganso, ulendo uno modekha. Kwa iye zitsekererozo zimanyamula mbiri. Mowa waukali unali m'gulu la katundu yemwe amalonda a ku Ulaya ankabwera naye kugombe la kumadzulo kwa Africa, ndipo ankasinthanitsa ndi zinthu zambiri, kuphatikizapo anthu. Anthu ogwidwa ukapolowo ankakalima nzimbe kutsidya la nyanja ya Atlantic, nzimbezo n'kupangira mowa wina womwe unkabwereranso ku Africa. Lero mowawo ukufululidwa ku Nigeria komweko, ndipo chitsekerero chilichonse chinadutsa m'manja mwa munthu amene anagula, anatsekula, anamwa. Ntchito yake ya mu 2023 mu holo yaikulu ya Tate Modern, nyumba yoonetseramo zaluso ku London, yotchedwa Behind the Red Moon, inakhudza nkhani yomweyi ya nyanja, shuga ndi ukapolo. Munthu ukaima patali umakopeka ndi kuwalako, ukayandikira umayamba kuwerenga maina a mowa. Mu 2007 anaphimba khoma lakumaso la nyumba yakale yotchedwa Palazzo Fortuny mumzinda wa Venice ku Italy ndi ntchito yotereyi, ndipo mu 2015 chionetsero cha Venice Biennale chinamupatsa mphoto ya Golden Lion chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse.

China chomwe sindinachimvetsebe bwino ndi chakuti sapereka lamulo la kapachikidwe. Ntchito imapindidwa n'kutumizidwa, ndipo oilandirawo amasankha okha pomwe akwinye ndi pomwe atambasule. Ntchito imodzi imaoneka mosiyana mzinda ndi mzinda. Ine kachidutswa kanga mnzanga atangokapendeketsa pang'ono ndinamukalipira.

Nditayamba kufunsa funso la aphunzitsi lija pa ntchito za ena, ndinaona kuti omwe amandigwira mtima onse ali ndi yankho. Ku Mozambique nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1992, Bishopu Dinis Sengulane anayambitsa ntchito yoti anthu azipereka mfuti n'kulandira makasu, njinga kapena makina osokera. Mfutizo zinkadulidwa, ndipo amisiri a ku Maputo ankaziwotcherera. Mmodzi mwa iwo, Cristóvão Canhavato, anapanga mpando wa mfuti zokhazokha womwe uli ku British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ku London. Mpando womwewo ukanakhala wamlombwa bwenzi uli mpando chabe. Kwathu kuno Samson Kambalu anamata masamba a Baibulo pa mpira wamiyendo n'kuuza anthu kuti aumenye. Agogo anga akanaona akanagwira pakamwa, ndipo ine mwini sindikudziwa ngati phazi langa likanalola, koma kukayika kumeneko ndiye ntchitoyo. Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre mu 1973 yemwe amakhala ku Johannesburg, amasoka ndi manja tizidutswa ta silika n'kupanga zithunzi za moyo wa pakhomo, mayi ndi mwana wake, kukhitchini, kubafa. Kusokako n'komwe kukunena za ntchito za amayi zomwe anthu saziwerengera.

Sindikunena kuti chilichonse chopangidwa ndi zotola n'chozama. Pa intaneti padzaza nkhope za anthu otchuka zopangidwa ndi mabatani, misomali, nyemba, ngakhale buledi wowotcha. Umadabwa kamphindi, umayamikira kuleza mtima kwa wopangayo, basi wapitirira. Nyembazo utazichotsa n'kuikapo chimanga palibe chingasinthe. Kachidutswa kanga kanali m'gulu limeneli, kungoti kosakongola.

Aphunzitsi atilola kubwereza ntchitoyi teremu ino. Mayi anga agulitsa mayunitsi pa kabenchi pafupi ndi siteji ya minibasi kwa zaka zambiri, ndipo fizi yanga ina inachokera pamenepo. Makasitomala ambiri amakala khadi pomwepo, kulowetsa manambala, n'kulitaya pansi pa benchi. Masiku ano ogula makadi achepa poti ambiri akugula pafoni, ndipo mayi akuganiza zosiya. Ndawapempha kuti asamasese timakadito. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandipatsa chitini chakale cha mkaka choti ndizisungiramo. Ndayesa kutilumikiza ndi waya koma tikung'ambika pabowo, ndiye sabata ino ndiyesa ulusi ndi singano yawo yosokera matumba.