Sabata imodzi ku Carmanah, kudikira mbalame ya mbandakucha

Tinanyamuka m'tauni ya Lake Cowichan, ku Canada, Lolemba m'mawa kulowera ku paki ya Carmanah Walbran tili atatu: ine, mayi amene amatsogolera gulu lathu, ndi mnyamata wina yemwe angoyamba kumene kuphunzira ntchito. Phula litatha tinalowa m'misewu ya miyala imene inalambulidwa ndi odula mitengo. Kumeneko eni msewu ndi mathiraki onyamula zipika. Pa wailesi ya ovaova dalaivala aliyense amatchula kilomita imene wafika, ndipo ukamva kuti thiraki yodzaza ikutsika umakhotera pambali msanga n'kudikira fumbi lithe. Foni inasiya kugwira netiweki tisanapite n'komwe patali. Teyala limodzi linaphulika pa mwala wakuthwa, tinasintha, ndipo kuyambira pamenepo aliyense anali chete podziwa kuti lapadera latsala limodzi.

Carmanah Walbran ndi paki ya boma la British Columbia, kugombe la kumadzulo kwa chilumba cha Vancouver, m'dziko la makolo a anthu a mtundu wa Ditidaht. Kukula kwake ndi mahekitala oposa 16,000. Mbali ya kumunsi ya chigwa cha Carmanah inatetezedwa mu 1990, patangopita zaka ziwiri Randy Stoltmann, womenyera chitetezo cha nkhalango, atachenjeza anthu kuti misewu ya odula mitengo yatsala pang'ono kufika pa mitengo ikuluikulu ya Sitka spruce. Mbali ya kumtunda ya chigwachi ndi mbali ya Walbran zinawonjezedwa mu 1995. Ukafika umapeza poimika galimoto, zimbudzi zokumba ndi kanjira kotsikira kumtsinje, basi. Kulibe magetsi, kulibe sitolo, madzi akumwa umatunga wekha n'kusefa.

Ntchito yathu ndi kuwerenga mbalame yotchedwa marbled murrelet, imene ku Canada ili m'gulu la zamoyo zomwe zili pachiopsezo. Ndi mbalame ya m'nyanja, yaing'ono ngati njiwa, imadya tinsomba pomira m'madzi. Chodabwitsa chake n'chakuti ikafuna kuikira imasiya nyanja n'kulowa m'nkhalango, nthawi zina makilomita makumi angapo kumtunda. Simanga chisa. Imafuna nthambi yotambalala, pamwamba kwambiri, yokutidwa ndi ndere zochindikala, n'kuikirapo dzira limodzi lokha. Anthu a sayansi anakhala zaka zambirimbiri osadziwa kumene imaikira, mpaka mu 1974 pamene munthu wodulira nthambi anapeza kamwanapiye mumtengo ku Big Basin, ku California. Ku Canada malo ake oikira anapezeka koyamba mu 1990, m'chigwa cha Walbran.

Yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kufungatira dzira tsiku ndi tsiku, ndipo zimasinthana mbandakucha. N'chifukwa chake ifenso timadzuka 3 koloko usiku. Lamulo la kalembera limati uyambe mphindi 45 dzuwa lisanatuluke, umalize mphindi 75 litatuluka. Maola awiri uli njo pamalo amodzi, khosi litapindikira m'mwamba.

Lachiwiri malo anga anali pa miyala ya m'mbali mwa mtsinje wa Carmanah, pamene mitengo imasiya kampata kooneka kumwamba. Ndinapitako ndi tochi ya pamphumi, ndikuyankhula ndekha mokweza kuti chimbalangondo chikakhala m'njira chindimve ndikadali patali. Nditafika ndinazimitsa tochi. Mdima wa m'nkhalango imeneyi ndi wandiweyani, ndipo paliponse pamangomveka madzi akudontha kuchokera m'nthambi ngakhale mvula isakugwa. Udzudzu unandipeza msanga. Sungapukuse mutu kwambiri, pakuti mbalameyi imauluka liwiro loposa makilomita 60 pa ola, ukaphethira yadutsa. M'dzanja umagwira kachipangizo kojambulira mawu, chilichonse umanena pakamwa kuti maso asachoke kumwamba: nthawi, mbali imene yachokera, kutalika kwake poyerekeza ndi nsonga za mitengo. M'mawa umenewo ndinamva kulira kwake kawiri, kulira kwakuthwa kofanana ndi kwa mbalame za kugombe, kutali pamwamba pa chifunga. Sindinaone kanthu.

Lachitatu ndi Lachinayi inavumba mvula. Kugombe lino imagwa yoposa mamilimita 3,000 pachaka, ndipo ngakhale mu Julaye siichedwa kukukumbutsa. Masokosi sanaumenso. Mtsinje unakwera, phokoso lake linaphimba zonse, mafomu athu anadzaza ndi maziro.

Lachinayi madzulo mnyamata uja ananena mwamanyazi kuti mwina anamva kulira kumodzi, koma sakutsimikiza, kodi alembe? Ndinamumvetsa. Kudzuka usiku katatu n'kubwerako chimanjamanja kumapweteka mtima, ndipo khutu lotopa limayamba kukupatsa chimene ukufuna kumva. Mayi aja anamufunsa modekha kuti, “Mwamva, kapena mumafuna mutamva?” Iye anati sakudziwa. Anamuuza kuti, “Ndiye lembani ziro. Ziro wanu woona ndi amene amachititsa kuti tsiku limene mudzalembe kuti mwaiona, anthu akukhulupirireni.” Ine ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse. Mapepala amenewa amakafika kwa anthu ogamula za nkhalango zimene zili kunja kwa malire a paki, ndipo bodza limodzi laling'ono likagwidwa limaipitsa mbiri ya kalembera yense.

Masana tikapumula timayenda kuyang'ana mitengo, kuwerenga nthambi zoti mbalame ingaikirepo. Apa ndi pamene ndimachedwa dala. Pafupi ndi mitengo itatu yotchedwa Three Sisters ndinaima pa chipika chakugwa kalekale, chotalika kundiposa ngakhale chili chogona. Ndinalowetsa dzanja m'ndere zake mpaka m'mkono, m'kati muli nyontho, khungwa lofumbwa likungonyenyeka ngati dothi lofiira. Pamsana pake pamera timitengo tambirimbiri ta hemlock ndi spruce, pamzere, mizu yake ikutsetsereka m'mbali kufunafuna nthaka. Chipikacho chikadzaoleratu, mitengoyo idzatsala itaima pamizu ngati pamiyendo. Nkhono yachikasu yopanda chigoba, yotalika ngati chala chapakati n'kupitirira, inali kukwawa pamenepo mosafulumira. Mitengo yobzala ikhoza kutalika pa zaka 60, koma nthambi yonenepa yokhala ndi mphasa ya ndere imafuna zaka mazana. Pamene padulidwa, mbalameyi sidzabwererapo m'moyo wathu kapena wa zidzukulu zathu.

Tsiku lomwelo ndinakumana ndi alendo awiri, bambo ndi mayi, otopa ndiponso okhumudwa. Anabwera kudzaona Carmanah Giant, spruce wa mamita pafupifupi 95 amene amatchuka kuti ndi mtengo wautali kwambiri ku Canada, koma anapeza kuti njira yopita kumeneko ndi yotsekedwa. Bamboyo anati boma likanakonza msewu, n'kumanga malo ogona. Ndinawamvera chisoni chifukwa ulendowo ndi wautali, koma ndinawafotokozera zimene ndimaona. Mizu ya spruce imayenda pamwamba penipeni pa nthaka, mapazi ambiri akaipondaponda mtengo umavutika, n'chifukwa chake m'malo ena anayala matabwa oyendapo. Komanso pamene pachuluka anthu pamachuluka nyenyeswa, nyenyeswa zimaitana makhwangwala ndi mbalame za Steller's jay, ndipo zimenezo zimadya mazira ndi anapiye a murrelet. Ife tikadya timatola ngakhale kambewu kamodzi kogwa pansi. Mayiyo anawerama n'kutola chikoko cha chipatso chimene anali atangotaya.

Sindikunena kuti kutalikira kumateteza zonse. Mu 2012 akuba anadula n'kunyamula mtengo wa red cedar wa zaka pafupifupi 800 pafupi ndi poimika magalimoto pomwepa, popanda wowaona. Oyang'anira paki akanakhala ochuluka ndikanakondwa. Koma phula ndi nyumba zogona alendo, ayi.

Lachisanu kunacha bwino, chifunga chili m'munsi m'chigwa. Ndinabwerera pa miyala yanga ija. Nthawi itangopitirira 5 koloko ndinamva kulira kumadzulo, kenako kunangoti zii. Ndiye kanthu kakuda kanatulukira m'chifunga, kotsika, pansi pa nsonga za mitengo, mapiko akupupuma mofulumira kwambiri, opanda kulira konse. Ndinamva mphepo ya mapiko ake pamwamba pa mutu wanga. Kanakhota kamodzi, kanakwera pang'ono, n'kulowa m'nthambi za spruce wamkulu tsidya la mtsinje. Mawu anga akunjenjemera ndinanena m'kachipangizo kaja: mbalame imodzi, pansi pa nsonga, yalowa mumtengo. Kwa ife kuuluka kotereku ndi umboni woti ikuikira m'deralo. Patapita kanthawi kochepa ina inatuluka mumtengo womwewo n'kulunjika kunyanja, kutsata mtsinje.

Ndinamaliza mphindi zanga zonse 75, ndinalemba malo a mtengowo pa GPS, osauyandikira. Nditafika pa matenti ndinapeza mnyamata uja akuwiritsa madzi, fomu yake ili pamwala, atalembanso ziro mooneka bwino. Anandifunsa kuti mawa, tisanapakire katundu, angapite nane pa miyala ija. Tinatchera alamu pa 3 koloko.